Netiweki Ikathawa, Khola Lidzakuitanani Bwanji?

Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chimene chinagwa m'dziko muno ndi tsoka la dziko lonse. Alimi anali atachiona kale m'minda mwawo, pakuti pa mahekitala pafupifupi 2.2 miliyoni a chimanga amene anabzalidwa nyengo imeneyo, pafupifupi 1 miliyoni anapserera. Chilalacho sichinathere m'munda. Chinatsika ndi Zambezi kukafika ku Kariba, kumene madzi anachepa kufikira pa makina 6 opangira magetsi a mbali ya Zambia panatsala amodzi okha ozungulira. Pofika mu September, mabanja ambiri a mu Lusaka ankaona magetsi maola 3 okha pa tsiku, ndipo masiku ena sankawaona n'komwe.

Magetsi akazima nthawi yaitali chotero, nsanja za foni nazo zimafooka. Nsanja iliyonse ili ndi mabatire, zina zili ndi jenereta kapena sola, koma zambiri zinakonzedwa kuti zipirire maola ochepa chabe. Makampani a foni anadandaula poyera chaka chimenecho kuti kuzimazima kwa magetsi kukusokoneza ntchito yawo, ndipo wokhala ku Kanyama, Chawama, George kapena Matero akukumbukira kuzungulira pabwalo foni ili m'mwamba, kusakasaka pamene netiweki ingagwire. Woweta nkhuku kuseri kwa nyumba ankakumana ndi mavuto awiri usiku umodzi: babu lofunditsa anapiye lazima, ndipo foni imene mwana wosiyidwa pakhomo akanaimbira kuti anene zimenezo yasanduka tochi chabe.

Ambiri mwa inu amene munaphunzira pano munabwerera kumakomboni. Khola lili kuseri kwa nyumba, dimba lili ku Lusaka West, ku Chongwe, ku Chilanga kapena ku Ten Miles, malonda ali ku msika wa Soweto, ndipo inu ndinu munthu mmodzi. N'chifukwa chake amalonda ayamba kukuonetsani tizipangizo toyeza kutentha kwa khola ndi madzi a m'thanki, timene timatumiza uthenga ku foni kudzera pa intaneti. Musanatulutse ndalama, funsani wogulitsayo funso limodzi: intaneti ikapita, kachipangizoka kamachita chiyani? Alipo makina a mtundu wina, amene amalankhulana okhaokha, ena kwa anzawo, popanda nsanja pakati, ndipo mlimi wa m'komboni ayenera kudziwa mmene amagwirira ntchito ndi pamene amalephera.

Ulendo wautali wa uthenga waufupi

Mukatumiza uthenga wa WhatsApp kuchokera ku Kalingalinga kupita kwa mbale wanu ku Mtendere, mtunda umene mwana angauyende wapansi, uthengawo suwoloka msewu molunjika. Umakwera pa nsanja, nulowa m'mawaya a kampani ya foni, nupita kumakompyuta akuluakulu a eni pulogalamuyo, ndiyeno n'kubwerera kudzafuna foni ya mbale wanuyo. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho mawaya amene amatilumikiza ndi maiko akutali amadutsa kwa anansi athu asanakalowe pansi pa nyanja. Paliponse pamene njirayi yaduka, anthu awiri oyandikana amaleka kumvana.

Ndipo imadukadi. Pa 12 May 2024 mawaya awiri a pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, anawonongeka, ndipo intaneti inavuta kwa masiku angapo ku Tanzania, Kenya, Malawi ndi Mozambique. Kuno kwathu, pa 12 August 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinaleka kugwira ntchito, mpaka bungwe la Chapter One Foundation linapita ku Khoti Lalikulu ndipo khotilo linalamula kuti zitsegulidwe. Onjezani pamenepo vuto la tsiku ndi tsiku, bandulo yotha pakati pa usiku.

Akatswiri anaphunzira kanthu kofunika pa nkhaniyi m'dziko lathu lomwe lino, ku Macha, m'boma la Choma. Kumeneko, cha m'ma 2006, bungwe la LinkNet linayamba kulumikiza chipatala cha mishoni, masukulu ndi nyumba za anthu ndi tizipangizo ta Wi-Fi topatsirana uthenga kuchokera denga lina kupita denga lina, tonse tikugawana intaneti yochepa yochokera ku setilaiti. Patapita zaka, ofufuza a ku University of California, Santa Barbara anayeza mauthenga odutsa m'netiwekiyo, napeza kuti oposa theka la mauthenga ochezerana pa Facebook anali pakati pa anthu a ku Macha komweko. Uthenga unkakwera kumwamba pa setilaiti yodula, n'kukazungulira kutsidya kwa nyanja, kuti ukafike kwa munthu wa m'mudzi womwewo. Pofuna kuthetsa zimenezi anamanga kanetiweki ka foni ka m'deralo kotchedwa Kwiizya, mawu a Chitonga otanthauza kucheza, kuti mauthenga a pamudzi azithera pamudzi.

Pa ulimi mfundoyi ndi yamphamvu koposa. Thanki ikadzaza, wofunika kumva ndi pampu imene ili mamita 200 kuchokera pamenepo. Khola likazizira, wofunika kumva ndi inu amene mwagona nyumba yachitatu. Palibe chifukwa choti mawu amenewa azidzera ku Ulaya.

Zimene tili nazo kale m'nyumba

Makina odziimira paokha si achilendo m'komboni. Mita ya ZESCO yolipiriratu ndi chitsanzo chabwino. Mukagula mayunitsi mumalandira manambala 20, ndipo mukawalowetsa, mita imawalandira kapena kuwakana popanda kufunsa ku ofesi iliyonse. Imatha kutero chifukwa manambalawo anasanjidwa ndi kiyi yachinsinsi imene mita yanu yokha ndiyo ili nayo, ndipo mkati mwake muli kuchuluka kwa mayunitsi pamodzi ndi chizindikiro cha nthawi imene anagulidwa. Mita imakumbukira zizindikiro zimene yalandira kale, n'chifukwa chake manambala amodzi salowa kawiri, ndipo a mnzanu sagwira pa mita yanu. M'nyumba zambiri mita yeniyeni ili panja, ndipo kabokosi ka mabatani kali mkati. Ziwirizi zimalankhulana zokha, kudzera m'waya wa magetsi kapena pa mafunde a wailesi.

Dongosolo limeneli, lotchedwa STS, linayambira ku South Africa, ndipo linkawerenga mphindi kuyambira pa 1 January 1993. Malo osungira chiwerengerocho anali ndi polekezera, ndipo anadzaza pa 24 November 2024. Kumbukirani mmene ZESCO inatipemphera kulowetsa manambala apadera osinthira kiyi tsikulo lisanafike. Popeza mitayo siili pa intaneti, panalibe njira yoikonzera patali; munthu anayenera kunyamula uthenga ndi chala chake kuufikitsa kwa makina. Makina odziimira paokha amapirira zambiri, koma tsiku lowakonza amafuna munthu pafupi.

Chitsanzo chachiwiri chili m'matumba mwanu. Achinyamata a m'komboni akhala akupatsirana nyimbo ndi mavidiyo pa Bluetooth, Xender ndi SHAREit kwa zaka zambiri osawononga bandulo. Foni ina imayatsa Wi-Fi yakeyake, inzake n'kulumikizako, fayilo n'kuwoloka. Njira yomweyi imanyamula vidiyo yosonyeza katemera wa chitopa, kapena pulogalamu ya PlantVillage Nuru, imene inapangidwa ku Penn State University ndipo ikakhala m'foni imazindikira matenda a chinangwa ndi kuwononga kwa mbozi za ntchemberezandonda popanda intaneti. Mmodzi akakopera, kalasi lonse lapeza.

Mfuu ya makina

Kumudzi, nyumba ikapsa usiku, palibe amene amathamangira kwa mfumu kukapempha kuti alengeze. Woona moto amakuwa, womva amakuwanso, mfuu n'kuyenda nyumba ndi nyumba mpaka kufika kwa amene ali kutali koti mawu a woyamba uja sakanafikako. Nyumba imodzi ikakhala kuti eni ake kulibe, mfuu imadzera mbali ina. Akatswiri amatcha netiweki yotere mesh, kutanthauza ukonde. Kachipangizo kalikonse kamalankhula zake, kamamvera za anzake, ndipo kamabwereza uthenga wa ena kuti upite patsogolo. Palibe kamene ndi mfumu, choncho palibe kamene kakafa kangaphe onse.

Woweta ziweto angakonde kumva mmene njirayi inayesedwera pa nyama. Mu 2004, gulu la ku Princeton University lotsogoleredwa ndi Margaret Martonosi linaveka mbidzi za ku Laikipia, ku Kenya, makolala okhala ndi GPS, kabatire, kasola ndi kawailesi. Ntchitoyi inkatchedwa ZebraNet. M'tchiremo munalibe nsanja yodalirika. Kolala iliyonse inkalemba kumene mbidzi yake yayenda, ndipo mbidzi zikayandikana, monga zimachitira pomwera madzi, makolala ankapatsirana zimene asunga. Wofufuza akadutsa ndi galimoto pafupi ndi mbidzi imodzi, ankatha kulandiranso mbiri ya zina zimene sanazione. Nyama zomwezo zinali mtengatenga.

Ku India ndi ku Cambodia, cha m'ma 2003, ntchito yotchedwa DakNet inachita zofanana ndi mabasi ndi njinga zamoto. Kompyuta ya pamudzi inkasunga makalata a anthu, basi ikadutsa inkawatenga pa Wi-Fi popanda kondakitala kukhudza kanthu, ikafika m'tauni n'kuwatula pa intaneti, pobwerera n'kubweretsa mayankho. Uthenga unkachedwa maola, koma unkafika. Apa pali kusiyana kumene mlimi ayenera kukugwira bwino. Nkhani zina zimatha kudikira: kuchuluka kwa mvula imene yagwa kudimba, madzi amene apopedwa sabata ino, mazira amene atoledwa. Zimenezi foni ya wantchito wobwera Lachisanu ingazinyamule. Nkhani zina sizidikira: khola lazizira, pampu ikuzungulira popanda madzi, chitseko chatseguka pakati pa usiku. Zimenezi zimafuna mfuu.

Wailesi yonong'ona koma yomveka patali

Bluetooth ya m'foni imafika mamita pafupifupi 10 m'nyumba. Mapulogalamu otumizirana mauthenga pa Bluetooth, monga FireChat imene inatchuka ku Hong Kong mu 2014 ndi Bitchat imene Jack Dorsey anatulutsa mu July 2025, amagwira bwino pamene pali khamu la anthu onse okhala ndi pulogalamuyo. Pakati pa khola ndi nyumba usiku palibe khamu. Tizipangizo totchedwa ESP32, timene ophunzira zamagetsi amakonda, timalankhulana molunjika mwa njira ya ESP-NOW popanda rauta, ndipo pabwalo lopanda zotchinga timafika mamita 100 kapena kupitirirapo. Pa puloti imodzi zimenezo n'zokwanira.

Pa mtunda wautali pali LoRa. Njira imeneyi inapangidwa ndi kakampani ka ku Grenoble, ku France, kotchedwa Cycleo, kamene Semtech inagula mu 2012. Nzeru yake ndi kulankhula pang'onopang'ono kwambiri, monga munthu amene akuitana mnzake tsidya la dambo amakokera mawu ake kuti amveke. Potero imafika makilomita angapo ndi mphamvu yochepa zedi, kotero kuti kabatire kamodzi ndi kasola kokula ngati buku zimakwanira. Mtengo wa mphatso imeneyi ndi wakuti sinyamula chithunzi, vidiyo kapena mawu a pakamwa. Imanyamula timawu tochepa: "kutentha 27", "thanki yadzaza".

Mu 2020 katswiri wina, Kevin Hester, anayambitsa Meshtastic, pulogalamu yaulere imene imasandutsa tizipangizo ta LoRa kukhala ukonde. Kachipangizoko kamalumikizana ndi foni yanu pa Bluetooth, ndipo mumawerenga mauthenga monga ma SMS, ngakhale m'foni mulibe simu. Uthenga umodzi umakhala wa zilembo pafupifupi 200. Mwachizolowezi umaloledwa kudumpha katatu, ndipo malire ake ndi kudumpha ka 7. Malirewo ali ndi chifukwa: aliyense akamabwereza zimene wamva kosalekeza, mlengalenga mumadzaza phokoso ndipo palibe amene amamva kanthu.

Khola, thanki ndi ngalande

Tiyerekeze mayi wa ku Matero amene wagula anapiye 200 a mabuloila. Sabata yoyamba anapiye amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35 pamene aima, ndipo kumatsitsidwa ndi madigiri pafupifupi 3 sabata iliyonse. Usiku wa mu June kapena July, mu Lusaka kumazizira kufika pansi pa madigiri 10. Babu likazima, anapiye amaunjikana pakona, apansi n'kubanika, ndipo opulumuka amakula monyentchera. Mayiyu akayatsa mbaula, vuto limasintha nkhope: makala amatha mbandakucha, kapena mpweya woipa wa makala umadzaza m'khola lotsekedwa kwambiri. Kachipangizo koyeza kutentha kokoloweka pa msinkhu wa anapiye, ndi kena kokhala ndi belu pafupi ndi bedi lake, zonse za batire, zimamudzutsa pamene kutentha kwayamba kutsika, anapiye asanaunjikane. Mu October belu lomwelo limalira pa chifukwa china, pakuti nkhuku za masabata 5 kapena 6, zimene zadya kale ndalama zonse za chakudya, ndizo zimafa msanga ndi kutentha. Woswetsa mazira ndi makina, amene amasunga madigiri 37.5 kwa masiku 21, ali ndi chosowa chomwecho.

Kudimba nkhani ndi pampu. Pampu ya m'borehole imaziziritsidwa ndi madzi omwe ikukoka, ndipo ikazungulira pouma imapsa. Chaka cha chilala madzi apansi amatsika, ndiye ngoziyi imakula. Magetsi obwera pakati pa usiku, pamene palibe woyang'ana, amadzazanso thanki mpaka kusefukira, mayunitsi n'kumathera m'matope. Thanki ikakhala pafupi ndi pampu, kaswichi koyandama ndi waya n'zokwanira, ndipo musagule wailesi pa ntchito imene waya angaigwire. Ikakhala patali, kumene waya angadulidwe ndi khasu kapena kubedwa, tizipangizo tiwiri timathetsa nkhani: ka pathanki kamanena msinkhu wa madzi, ka papampu kamayatsa ndi kuzimitsa. Inu mumangomva zimene zachitika, kaya muli ku msika, ku maliro kapena ku tchalitchi pa Sabata.

Ku Kanyama kuli vuto lina. Komboniyi inamangidwa pamalo athyathyathya, pamwamba pa miyala ya laimu yokhala ndi mapanga, ndipo m'nyengo ya mvula madzi apansi amakwera msanga n'kusakanikirana ndi a m'zimbudzi zokumba. Kolera ya 2017 mpaka 2018 inakantha kwambiri kumeneko, ndipo ya 2023 mpaka 2024 inagwira anthu oposa 20,000 m'dziko lonse, nipha oposa 700, kufikira bwalo la National Heroes linasandutsidwa chipatala. Kachipangizo koyeza msinkhu wa madzi m'ngalande sikachiza kolera, koma kangathe kuchenjeza mabanja a kumunsi kuti akweze matumba a chakudya cha nkhuku, asamutse anapiye, ndiponso aleke kutunga m'chitsime chosaya. Mvula yamkuntho ndiyo nthawi imene magetsi ndi netiweki zimakonda kuthawa, ndipo ndiyo nthawi imene chenjezo limafunika.

Mwambo umene makina ayenera kusunga

Kaya mukugula zopangidwa kale kapena mnyamata wodziwa zamagetsi akukulumikizirani, pali zinthu zisanu zoti muumirire.

Choyamba, kukhala chete kuziwerengedwa ngati uthenga. Kachipangizo ka m'khola kazinena kuti kali moyo mphindi zingapo zilizonse, ngakhale zonse zili bwino, ndipo ka m'nyumba kakapanda kumva kwa nthawi yoikika kalize belu. Popanda zimenezi, batire lakufa ndi khola lamtendere zimamveka chimodzimodzi.

Chachiwiri, kachipangizo kalikonse kadziwe chochita kakatsala kokha. Pampu ikaleka kumva thanki, izime. Valavu yothirira ikatsegulidwa, idzitseke yokha nthawi yake ikakwana, ngakhale lamulo lotseka lisafike. Posankha, dzifunseni kuti cholakwika chotsika mtengo n'chiti: thanki yosadzaza m'mawa, kapena pampu yopsa.

Chachitatu, uthenga uliwonse ukhale ndi nambala yake ndi nthawi yake. M'ukonde, uthenga umodzi umafika kawiri kapena katatu podzera njira zosiyana, ndipo wina umafika mochedwa. Lamulo lakuti "yatsa" limene lafika thanki itadzaza kale ndi loopsa. Mita ya ZESCO imakana manambala akale pa chifukwa chomwechi.

Chachinayi, sinthani kiyi. Meshtastic imabisa mauthenga, koma kiyi imene imabwera nayo ndi yodziwika kwa aliyense. Osaisintha, ndiye kuti munthu wina wokhala ndi kachipangizo kofanana angawerenge mauthenga anu, n'kudziwa tsiku limene nkhuku zakhwima ndi ola limene pakhomo palibe munthu.

Chachisanu, swichi ya pamanja isachotsedwe. Tsiku limene zonse zidzakana, mwana wa zaka 12 azitha kuyatsa pampu.

Malata, mphezi ndi anansi

Komboni ndi malo ovuta kwa mafunde a wailesi. Malata amawabweza, makoma a mabuloko amawameza, ndipo nyumba n'zothithikana. Mtunda wolembedwa pa bokosi unayezedwa pamalo oonekera, choncho musaukhulupirire musanayese nokha. Mankhwala ake ndi kukwera. Kachipangizo kamodzi kobwereza uthenga kokhala pamwamba pa nsanja ya thanki, padenga la sukulu kapena la tchalitchi, kamaposa tambiri tokhala pa mawindo. Koma chokwezedwa pamwamba chimaonekeranso kwa akuba ndi kwa mphezi. Ku Macha, mphezi ndi kulumpha kwa magetsi zinawononga zipangizo zambiri, ndipo netiwekiyo inapitirira chifukwa achinyamata a komweko anaphunzitsidwa kukonza okha. Fumbi la mu August, chinyezi cha mu January ndi mpweya wa zitosi m'khola zimadya zitsulo, ndiye chilichonse chikhale m'kabokosi kotseka bwino.

Mafunde a wailesi ali ndi mwini lamulo. M'dziko muno ndi ZICTA imene imayang'anira mafunde ndi kuvomereza zipangizo zolankhulirana. Tizipangizo ta LoRa timapangidwira mafunde osiyanasiyana, monga 433, 868 ndi 915 MHz, malinga ndi dziko logulitsidwako, ndipo ta mafunde osiyana sitimvana. Musanaitanitse kunja, funsani ku ZICTA za mafunde ndi mphamvu zololedwa. Safunsa anadya phula.

Chovuta chachikulu si cha waya. Ukonde umakhalapo chifukwa uthenga wanu ukudutsa padenga la mnzanu, ndipo wake ukudutsa pa lanu. Iye akazimitsa kachipangizo kuti atchajire foni pa sola, khola lanu lasanduka bubu. Ku Mankosi, ku Eastern Cape m'dziko la South Africa, anthu anayamba netiweki ya mudzi yotchedwa Zenzeleni mu 2012 mothandizana ndi University of the Western Cape, ndipo anaiyendetsa monga koparetivu, mudzi ukusankha nyumba zodalirika zosungira zipangizo. Ife a ku Lusaka tili ndi sukulu yathu pa zimenezi. Chilimba chimayenda popanda banki chifukwa aliyense amadziwa tsiku lake loponya, ndipo ku Kanyama ndi ku George anthu akhala akuyendetsa mipopi ya madzi kudzera m'makomiti awo kwa zaka zambiri. Alimi asanu kapena khumi oyandikana angalembe pa pepala kuti kachipangizo ka pamwamba n'ka ndani, batire likafa agula ndani, ndipo belu likalira mwini khola kulibe, adzuka ndani. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pano dengalo ndi lenileni.

Poyambira

Yambani ndi cholembera. Lembani zimene munataya m'miyezi 12 yapitayi chifukwa chosamva msanga: anapiye angati, pampu ingati, mazira angati, mayunitsi a ndalama zingati. Pafupi ndi chilichonse lembani kuti chenjezo likanafunika kufika m'mphindi zingati, ndiponso pa mtunda wotani. Pepala limenelo lidzakuuzani ngati mukufuna waya, wailesi ya pafupi, LoRa, kapena kungosuntha bedi kuti liyandikire khola. Ena adzapeza kuti thamomita wamba ndi wotchi yodzutsa ndizo zikusowa, ndipo limenelo ndi yankho labwino.

Amene mwaona kuti wailesi ikufunikadi, gulani tizipangizo tiwiri tokha, mtengo wa kalikonse sufika pa wa foni yamakono yotchipa. Siyani kamodzi pamene padzakhale khola, nyamulani kenako, muyende m'komboni mukutumiza uthenga pa mphambano iliyonse ndi kulemba pamene wafika ndi pamene wakana. Bwerezani mutakweza koyambako pa nsanja ya thanki. Kenaka yesani zoipa mwadala, khola likadali lopanda anapiye: chotsani batire, zimitsani meini swichi, thirani madzi ozizira pa choyezera, muone ngati belu lilira. Pa zolumikiza, funani achinyamata a zamagetsi a ku University of Zambia, a m'makoleji a ntchito zamanja, kapena amene amasonkhana ku BongoHive, malo a zaluso amene anayamba mu Lusaka mu 2011. Wokonza mafoni wa pa kantemba wa m'dera lanu akhalepo pamene akulumikiza, chifukwa ndiye mudzamuthamangire zikadzavuta.

Kachipangizo kamayeza kutentha pamalo amodzi. Sikamva anapiye akulira mosiyana ndi dzulo, sikaona zitosi zasintha mtundu, sikanunkhiza utuchi wonyowa. Zimenezo tinakuphunzitsani ndi maso, makutu ndi mphuno, ndipo kuzungulira khola m'mawa ndi madzulo kukhalebe monga kale. Ntchito ya makinawa ndi ya maola amene mwagona kapena muli kutali. Amene mudzayese, tilembereni mtunda umene uthenga unafika m'komboni mwanu ndi malo amene munakweza kachipangizo, kuti anzanu a m'kalasi likubwerali adzayambire pamene inu mwafika.